Chumuni cha Bambo ndi Chithunzi cha ku South Bend

Mukatsika minibasi pa Bembeke n'kumafunsa kwathu, musavutike kutchula dzina langa. Ingonenani kuti mukupita ku Fakitale, aliyense akulozerani. Si fakitale ayi, ndi nyumba ya zipinda zitatu basi, koma ili ndi chumuni cha njerwa chimene chimaonekera patali, kupitirira mtengo wa mapeyala umene uli kuseri. Alendo akachiona amaseka, ine ndimangowasiya aseke. Chumuni chimenecho n'chimene chinandichotsa ku America, ndipo chinachokera pa pepala lakale limene ndinapatsidwa ku South Bend.

Bambo anga anali mmisiri womanga. Mphamvu zawo zonse zinathera m'maesiteti a ku Kasungu kumanga mabalani a fodya ndi nyumba za mabwana, koma ife tinakulira m'nyumba ya zidina yofolera udzu. Pamene ndinkanyamuka, amayi anali atatisiya kale, choncho anandiperekeza ndi Bambo pamodzi ndi achemwali anga aakulu, a Esinati. Bambo sanali munthu wa mawu ambiri. Anangondigwira mkono ndikukwera basi ya ku Lilongwe n'kunena kuti, "Ndamangira anthu moyo wanga wonse. Ukakapeza kangachepe, usadzalembe mmisiri wina. Nyumba yako ndidzamange ine, maso akadaona chingwe."

Ndinapita ngati mwana wa sukulu, koma sukuluyo inandikanika pakati chifukwa cha fizi. Mapepala anga anatha, ine n'kukhalabe. Aliyense kumeneko amadziwa tanthauzo lake: ukhoza kugwira ntchito mwakachetechete zaka ndi zaka, koma tsiku limene udzatuluke m'dzikomo, chitseko chidzatsekeka kumbuyo kwako.

Tinkakhala amuna anayi m'kanyumba ka pamwamba mumzinda wa South Bend, tonse Amalawi. Kuzizira kwa ku Dedza kumene ndinkanyadira kuti ndinakuzolowera kunasanduka masewera. Chipale chofewa chinkafika m'mawondo, makutu ankachita ngati athothoka. Amene anandigwira dzanja pa nthawi imeneyo ndi Lovemore, mnyamata wa ku Ndirande, wapakamwa koma wamtima wabwino. Ndiye anandibwereka jekete, ndiye anandiphunzitsa kuyendetsa galimoto mbali yolakwika, ndiyenso anandipezera ntchito.

"Aise, kuli mdala wina akufuna munthu womukeyara," anatero tsiku lina akuvula nsapato. "Wathamangitsa kale anthu atatu. Iwe ndiwe wofatsa, ukamumanija. Mawa ndikudiropa."

Mdalayo anali a Walter. Mkazi wawo anali atamwalira, mwana wawo wamkazi ankakhala kutali, ndipo matenda anali atawaumitsa mbali imodzi ya thupi. Ntchito yanga inali kuwadzutsa, kuwasambitsa, kuwaveka, kuwadyetsa. Sindibisa, masiku oyamba zinkandiwawa. Ndinali ndisanasambitsepo ngakhale Bambo anga, koma ndinali pano kupukuta msana wa bambo wa eni ake, iwo akunditukwana kuti madzi atentha. Supuni ankaiponya pansi dala kuti aone ngati ndikwiye. Ine ndinkangoitola, kuitsuka, n'kuibwezera m'dzanja lawo lomwe linali ndi mphamvu.

Chimene chinandikhazika m'nyumba imeneyo ndi zithunzi. Zinali paliponse: m'kanjira kolowera, pabalaza, m'mbali mwa masitepe. Zonse zinali za mafakitale akale, makamaka ofulira mowa, ena osula zitsulo, ena opanga ngolo. Nyumba zofiira zosanjikizana kasanu, mazenera okhota pamwamba ngati uta, mbendera padenga, mahatchi onenepa akukoka ngolo zodzaza migolo, sitima ikudutsa kumbali, amayi a maambulera akuyenda mumsewu wopanda kachitsotso n'komwe. Ndipo pa chilichonse panali chumuni chachitali chikutulutsa utsi, utsi wonse utapendekera mbali imodzi mwadongosolo ngati wauzidwa kochita. Ndinali ndisanaonepo chinthu chojambulidwa mwachikondi chotere.

Mwana wa mmisiri akaona khoma sayang'ana penti. Tsiku lina a Walter anandipeza nditaima ndi thaulo lawo m'manja, mphuno itatsala pang'ono kugunda galasi la chithunzi china.

"Umamwa mowa iwe?" anandifunsa.

"Ayi, bwana. Ndikuona njerwa."

"Njerwa zatani?"

Ndinawaonetsa kuti wojambulayo sanangopaka mtundu wofiira. Njerwa iliyonse inalipo payokha, mzere wina zogona m'litali, mzere wina zoonetsa mitu, ndipo pamwamba pa mazenera zinali zoimirira, zotsamirana mpaka kukumana pakati. Ndinawauza kuti Bambo anga amayala njerwa chimodzimodzi. Mdala uja anati ndimukankhe pa njinga yake ya olumala mpaka kuchipinda cha kuseri. Kuyambira tsiku limenelo supuni sinagwenso pansi.

Kuchipindako kunali mwala waukulu wafulati, wotuwa, wosalala ngati sopo. A Walter anagwira ntchito yosindikiza moyo wawo wonse, ndipo mwalawo anaupulumutsa pamene malo awo a ntchito ankatsekedwa. Anandifotokozera kuti zithunzi zonse zija zinachokera pa miyala yotere, dzina lake mpaka lero ndimalitchula movutika, lithogirafu. Munthu ankajambula pamwalapo ndi choko cha mafuta, kenako ankanyowetsa mwalawo ndi madzi. Akapaka inki, inkiyo inkakana ponyowa n'kukakamira pamafuta pokha, ndiye akapanikiza pepala, chithunzi chinkatuluka. Chimene chinandizunguza mutu n'chakuti zonse ankazijambula chotembenuza. Khomo loti likhale kumanja ankaliika kumanzere, zilembo ankazilemba chobwerera. Ndipo mtundu uliwonse unali ndi mwala wakewake, wofiira wake, wobiriwira wake, wa mtambo wake, pepala limodzi lomwelo n'kumagona pa mwala uliwonse osaphonya ngakhale pang'ono.

"Ndiye amene ankachita zimenezi anali ndani?" ndinafunsa.

"Palibe akudziwa," anatero a Walter. "Dzina lalikulu pamwambapo ndi la mwini fakitale. Amene anawerama pamwala miyezi yonseyo sanalembedwe."

Ndinakumbukira mabalani a ku Kasungu, amene anthu amawatchula ndi mayina a azungu eni esiteti, ndipo ndinawauza a Walter za Bambo. Nkhani za Bambo zinawakomera kwambiri moti m'mawa uliwonse ndikuwameta ndevu ankati, "Ndiuze zina za mmisiri wako uja."

Nyengo ya Khirisimasi ina anandiuza kuti nditsegule kabati ya pansi. Munali chithunzi chopanda felemu, pakona pake pali banga la madzi. Chinali cha fakitale ya mowa ya mumzinda momwemo, ndipo mwa zonse chinali ndi chumuni chokongola kwambiri, chokhala ndi mkombero wa njerwa zotulukira kunja pafupi ndi nsonga. "Ichi ogula sangachifune chifukwa cha bangali," anatero. "Katumize kwa mnzanga. Ukamuuze kuti mmisiri wina wapereka moni."

Kutumiza katundu kumudzi kunali ndi njira yake. Munthu akamveka kuti akupita kwathu, nyumba yake inkasanduka depoti, aliyense kubwera ndi nsapato, mafoni, mafuta odzola. Ine ndinafika kwa mayi wina wa kutchalitchi kwathu amene ankapita ku ukwati, nditanyamula paipi ya pulasitiki, chithunzi nditachikulunga m'kati. Mayiyo anaitembenuza uku ndi uku.

"Achimwene, anzanu akusenda mafoni, inu mukusenda paipi? Ndikaidikileya kuti chiyani pa eyapoti?"

Anainyamulabe, Mulungu awadalitse.

Patapita masabata angapo achemwali anandiimbira, mawu ali m'mwamba. "Achimwene, mwatitumizira chiyani? Abusa anabwera kudzaona Bambo, awerenga zilembozo, akuti ndi kofulira mowa! Migolo ija ife timayesa ya mafuta. Tipachike zimenezi m'nyumba mwa mkulu wa mpingo?"

Ndisanayankhe ndinamva Bambo akulanda foni. "Iwe, usamvere za mlongo wakoyu. Ine ndikuona njerwa, mowa sindikuuona. Amene anayala njerwa izi ndi munthu. Kodi mnzangayo ukuti akudwala? Umusamale bwino."

Nthawi imeneyo ndinali nditayamba kutumiza za nyumba. Ndinanena momveka kuti ndikufuna nyumba wamba, ya malata, khonde kutsogolo, monga zimene anzanga onse ankamangitsa. Bambo anavomera kuti amva. Anaumbitsa njerwa kudambo, anaotcha okha uvuni, ndipo njerwa zosapsa bwino ankazikana ngakhale alamu anga, amuna a achemwali, atadandaula kuti zikuwonongeka. Zithunzi zitayamba kubwera pafoni ndinaona maziko, kenako makoma, kenako ndinaima chilili pakati pa khitchini ya a Walter. Mazenera anali okhota pamwamba ngati uta.

Ndinawaonetsa a Walter. Anavala magalasi, anayandikitsa foni kumaso, kenako anaseka mpaka kutsokomola. Aka kanali koyamba kuwamva akuseka chotero. "Akukopera!" anatero. "Mdala wako akukopera chithunzi changa!" Atapuma anafunsa kuti, "Nanga chumuni? Akafika pa chumuni adzatani?"

Chipale chitasungunuka anati ndiwatengere pa galimoto yawo, akandionetse kanthu. Tinadutsa misewu ya kumadzulo kwa mzinda, kumene nyumba zambiri zinali zotsekedwa ndi matabwa, mpaka tinaima pa chinyumba china chakuda ndi ukalamba, udzu utamera m'ming'alu.

"Ndi imeneyo fakitale ya pa chithunzi cha bambo ako," anatero.

Sindinakhulupirire. Pa chithunzi inali yosanjikizana kasanu, apa inali katatu. Mtsinje umene pa chithunzi unkadutsa pakhomo penipeni, apa sunkaoneka n'komwe. Chumuni chinali chitagumuka theka, koma ngakhale chikanakhala chathunthu, tsinde lake linkaonetseratu kuti sichinafikepo kumene wojambula anachifikitsa. A Walter anati ndi mmene zinkakhalira. Mwini fakitale ankafuna chithunzi chopachika m'masitolo ndi m'mabala, ndiye wojambula ankatalikitsa nyumba, kufupikitsa anthu, kubweretsa sitima pamene panalibe njanji, ndipo utsi sunkasowa chifukwa utsi unkatanthauza kuti ntchito ikuyenda, anthu akudya.

Ndinatsika n'kukagwira khomalo. Mazenera okhota aja analipodi, njerwa zake zitagwiranabe zolimba patapita zaka zonsezo, opanda wozisamala. Ndinawalemekeza onse awiri, amene anamanga ndi amene ananama.

Komabe mtima sunakhazikike, chifukwa achemwali anali atandiuza kuti Bambo akumayeza chumuni cha pa chithunzi ndi kaudzu, kuchiyerekeza ndi kutalika kwa chitseko. Loweruka lotsatira ndinaimba.

"Bambo, fakitale ija ndaiona ndi maso anga. Si yaitali choncho. Ojambulawo anawonjezera."

"Ukuyesa sindinaone?" anatero. "Munthu angafupike kuposa gudumu la ngolo? Ndinaona tsiku loyamba lomwelo."

"Ndiye musatengere za chumunizo. Chachifupi chikwana."

"Iwe, galimoto yofiira ija unatsamira pa chithunzi unatumiza chaka chatha, ndi yako?"

Inali ya Lovemore. Ndinamva achemwali akuseka chapatali.

"Wojambulayo anajambula mmene nyumbayo inkafunikira kukhalira," anapitiriza Bambo. "Omanga ake ndiwo anaperewera. Ine sindiperewera."

Nditawauza a Walter mawu amenewa anandipempha kuti ndiwabwereze kawiri. Sanakhale nthawi yaitali pambuyo pake. Anamwalira masamba akuyoyoka, ine nditawagwira dzanja, mwana wawo ali m'njira. Mwanayo anali munthu wabwino, anandithokoza ndi misozi, koma zithunzi analibe pozisunga. Anabwera ogula zinthu zakale atavala magolovesi oyera, anazitsitsa chimodzichimodzi, pakhoma n'kutsala mabanga a makona anayi. Ndinalira tsiku limenelo kuposa tsiku la maliro.

Ntchito itatha, ine ndi Lovemore tinasamukira ku Indianapolis kumene kunali Amalawi ambiri ndi ntchito zambiri. Tinkakhala kudera la Lawrence mumzindamo. M'mawa ndinkanyamula makatoni m'nyumba yosungira katundu kufupi ndi Speedway, kumene mwezi wa Meyi ukafika magalimoto a mpikisano ankalira tsiku lonse mpaka mano kuchita kunjenjemera. Masana ndinkathamangira ku Beech Grove kukasamalira okalamba. Moyo wake unali wa m'galimoto, kudyera momwemo, kusinthira malaya momwemo. Loweruka lina ndikapeza mpata ndinkalowa m'masitolo ogulitsa zinthu zakale kukangoona zithunzi zija. Eni sitolo ankandiyang'ana ngati ndasochera, koma ndikayamba kuwafunsa kuti ichi chinadutsa pa miyala ingati, ankanditulutsira zina za m'kabati. Sindinagulepo n'chimodzi chomwe, kuona kokha kunkandikwanira.

Kumudzi chumuni chinkakwera. Chinadutsa denga, chinadutsa mtengo wa mapeyala, anthu n'kuyamba kuitchula nyumbayo kuti Fakitale. Nthawi yomweyo maso a Bambo anayamba kutha. Achemwali anapita nawo ku Lilongwe, madokotala anati si ng'ala yoti n'kupala, ndi matenda oumitsa mtsempha wa diso, mankhwala angochedwetsa chabe. Bambo ankati akuona ngati munthu wosuzumira m'bango, pakati pokha, m'mbali monse mdima. Ndi maso amenewo ankakwerabe nsanja, alamu akuwapatsira njerwa, iwo n'kumayala mopapasa ndi chala chachikulu. Ndinawakalipira pafoni, ndinawachonderera, ndinawopseza kuti ndisiya kutumiza simenti. Anamaliza, ndi mkombero wake womwe wa njerwa zotulukira kunja.

Ndinayesa kuti nkhani yatha. Ndinauza achemwali kuti Bambo asamuke m'nyumba ya zidina ija akalowe m'nyumba yatsopano, azikaotha moto nthawi yozizira. Yankho lake linandidabwitsa.

"Akana, achimwene. Akhoma nyumba, makiyi ali m'thumba mwawo. Akuti ntchito sinathe."

"Chatsala n'chiyani?"

"Moto. Akuti chumuni sichinayesedwe."

Ndinakumbukira pamenepo mmene Bambo ankagwirira ntchito. Akamanga balani kapena nyumba ya chumuni, sankaipereka asanayatse moto woyamba mwini wake ataima pomwepo, kuti aone yekha ngati chikukoka utsi kapena chikubwezera m'nyumba. Chikakoka, ankapereka makiyi n'kunyamula zida zawo. Chikabweza, ankagumula. Sanasinthepo zimenezi kwa bwana aliyense, ndipo sanafune kusintha kwa ine.

Lovemore atamva anagwira mutu. "Mani, usapange zopusa. Ukangotuluka muno akubana, sudzabwereranso. Akole pa vidiyo, ayatse motowo iwe ukuonera pafoni. Nkhani yatha."

Ndinayesadi. Achemwali anaimika foni patsogolo pa Bambo, ine ndili m'galimoto pa malo oimikapo ku Beech Grove, yunifolomu ili m'thupi. Ndinati, "Bambo, ndine pano, ndikuona. Yatsani."

"Ukuona, koma ukununkhiza?" anafunsa. "Utsi ukabwerera m'nyumba, amene akhetse misozi ndi ndani? Mwini nyumba amaima pamoto. Ndidikira."

"Nanga maso anuwo adikira?"

"Pakadali pano nsonga ndikuionabe dzuwa likakhala pamutu. Ukachedwa udzandiuza ndiwe."

Ndinachedwa. Panali loya wina amene ankati mwina mapepala angatheke, ndiye ndinadikira dzinja lina, kenako lina. Kutchalitchi ena ankati ndipirire, ena ankati makolo sabwera kawiri, aliyense ndi nzeru zake. Nyumba inakhala yokhoma, mvula ikuikwapula, ndipo achemwali ankati masana aliwonse Bambo amatulutsa mpando n'kukhala moyang'ana nsonga ya chumuni. Tsiku lina anandiimbira ndili pa ntchito ya makatoni.

"Achimwene, lero Bambo andifunsa ngati kuli mitambo. Kunja kuli dzuwa loswa mtengo."

Ndinavula magolovesi pomwepo. Sabata yomweyo ndinagula tikiti ya ulendo umodzi.

Nyumba yathu ku Lawrence inasanduka depoti monga mwa mwambo. Amalawi anzathu anabwera ndi nsapato, mafoni, mafuta odzola, ana awo akundilonjera m'Chingerezi ine ndikuwafunsa m'Chichewa. Lovemore sanalankhule nane masiku awiri, kenako ndiye anandiperekeza ku eyapoti. Ponditsitsa anati, "Ndiwe chitsiru, aise. Ukanditumizire vidiyo ya utsiwo."

Ndinafika mu Juni, mphepo ya ku Dedza ikuluma. Achemwali amene ndinawasiya akuopa kukwera basi okha ndinawapeza ali ndi imvi, akulamula amuna onyamula matumba a mbatata ya kachewere pamsewu, foni ziwiri m'manja. Ana awo ankandiyang'ana ngati mlendo wa boma. Achibale ena anaona masutikesi anga awiri, theka lake katundu wa eni, n'kufunsa kuti kontena ikubwera liti. Atamva kuti sindibwereranso, ena anangoti "Oo," n'kuyang'ana kumbali.

Bambo ndinawapeza pa mpando uja. Anali atachepa thupi. Nditagwada n'kuwapatsa moni anatambasula manja, anandipapasa kumaso, m'makutu, pamapewa.

"Wanenepa," anatero. "Dzuwa lili pati?"

"Lapendeka, Bambo."

"Ndiye mawa m'mawa. Chumuni amayesa kukuzizira."

Sanatchule za maso, inenso sindinafunse. Ndinaona ndekha kuti nkhope yawo inali yolunjika pa mtengo wa mapeyala, osati pa chumuni.

M'mawa mwake anthu anadzaza pabwalo osaitanidwa. Bambo anatulutsa makiyi, anapapasa loko, anatsegula okha. M'nyumba munkanunkha simenti ndi fumbi. Pabalaza, pamwamba pa malo osonkhapo moto, panali chithunzi cha a Walter mu felemu ya mlombwa, banga la madzi lija lili pakona pake. Ndinayang'ana mazenera okhota a pa chithunzi, kenako ndinayang'ana mazenera a nyumba yanga.

Alamu anabweretsa nkhuni ndi zitsononkho. Bambo anandipatsa machesi. "Mwini nyumba," anatero.

Ndinayatsa. Moto unagwira bwino, koma utsi m'malo mokwera unatulukira m'nyumba, wakuda bii, kudzaza pabalaza. Achemwali anathawira panja akutsokomola. Ndinamva wina pakhomo akuti, "Fakitale yakanika!" ndipo ena anaseka. Misozi inkatsika m'maso mwanga, ya utsi ndi ina, chifukwa ndinkadziwa lamulo la Bambo: chikabweza amagumula, ndipo analibenso maso omangira china.

Bambo sanasunthe. Ananunkhiza, anapendeketsa mutu ngati akumvetsera.

"Chazizira," anatero. "Chakhala nthawi yaitali chikudikira, mphepo yozizira yadzaza m'mimba mwake. Tenga udzu wouma, uyatse, ulowetse dzanja m'kati m'mwamba momwe ungafikire."

Ndinazula udzu padenga la nkhokwe, ndinauyatsa, ndinagwada n'kulowetsa mkono kukhosi kwa chumuni. Moto unandiwaula ubweya wa pamkono. Ndinapirira. Kenako ndinamva kulira kwapansipansi, ngati basi ikubwera kutali, ndipo lawi la udzu lija linaweramira m'mwamba n'kundithawa m'manja. Utsi umene unali pabalaza unayamba kubwerera wokha, kulowa m'chumuni ngati ukuitanidwa.

Bambo anagwada pambali panga n'kutambasula dzanja pakamwa pa chumuni. Mkono wa malaya awo unkapepeluka kulowera m'kati. Anakhala choncho kanthawi, akumwetulira.

"Chikukoka," anatero. "Nditulutse panja."

Ndinawagwira mkono mpaka pakati pa bwalo, ndinawatembenuza kuti ayang'ane koyenera. Anthu anali atasiya kuseka, onse makosi ali m'mwamba.

"Ukutuluka?"

"Ukutuluka, Bambo."

"Pakati, kapena ukutayikira m'mbali mwa mkombero?"

"Pakati penipeni."

"Walowera kuti?"

"Wakwera kaye, kenako wapendekera kuphiri."

"Ngati pa chithunzi?"

Ndinayang'ana bwinobwino, chifukwa sindinafune kuwonjezera kalikonse. Njerwa zofiira, mkombero uja, mtambo wopanda banga, ndi utsi utagona mbali imodzi mwadongosolo.

"Ngati pa chithunzi, Bambo."

Anagwedeza mutu. Anavula chipewa, anapisa m'thumba, anatulutsa makiyi n'kuwagwira ndi manja awiri monga ndinkawaonera ndili mwana pamaso pa eni maesiteti.

"Ntchito ndamaliza, bwana. Landirani nyumba yanu."

Ndinagwada pa fumbi n'kulandira. Iwo anabwezera chipewa kumutu, anapukusa mapewa chifukwa cha mphepo, kenako anatsitsa mawu kuti anthu asamve.

"Tsopano ngati mungalole, ndilowe ndikaothe. Ndamanga zambiri zimenezi, koma sindinakhalepo pansi kuotha moto pa chimodzi chomwe."